Musanasiye wailesi ya bokosi limodzi, werengani manambala

Mbatata ya kacewere ikagulitsidwa kuno ku Ntengo-wa-Mbalame, ambiri amathamangira ku msika wa Lizulu kapena ku Vila Ulongwe kukagula wailesi ija yokhala ndi zonse m'bokosi limodzi: FM, polowetsa fulashi, Bluetooth ndi timasipika take. Pakhomo imakwanira ndithu. Koma mwina inu mwatsegula nyumba yoonetsera mafilimu, kapena mumabwereketsa zoimbira pa maukwati, kapena ndinu woyang'anira zokuzira mawu ku chalichi. Apa bokosi lija limacepa. Mukakweza, mawu amasasa. Kanthu kamodzi kakapsa mkati, zonse zimangoti zii, nchito nayo yaima. Ndiye mumayamba kuganiza zogula zipangizo zosiyanasiyana, ciliconse pacokha.

Kodi m'bokosimo muli ciyani?

Muli nchito zinayi zomangidwa pamodzi. Yoyamba ndi kocokera mawu: foni, fulashi, DVD kapena maikolofoni. Yaciwiri ndi mikisa, yosankha ndi kusakaniza mawuwo. Yacitatu ndi ampulifaya, yowapatsa mphamvu. Yacinayi ndi masipika, amene ogulitsa ena amawachula kuti koluna, kucokera ku Cipwitikizi.

Mukazigula padera, cimene cawonongeka ndi cokhaco cimene mumapita naco kwa wokonza. Muthanso kuwonjezera pang'onopang'ono, caka cino ici, caka camawa ico. Koma zipangizo zosiyana zimafunika kugwirizana. Zikapanda kugwirizana, ndalama za munda wonse zitha kupsa madzulo amodzi. Cokutetezani ndi manambala olembedwa kumbuyo kwake.

Nambala yoyamba: Ω

Tembenuzani sipika. Mupeza 8Ω kapena 4Ω. Cizindikiro cimeneci cimawerengedwa kuti omu. Nambalayo ikakhala yaing'ono, sipika imakoka magetsi ambiri ku ampulifaya. Nayonso ampulifaya imalembedwa malire ake, monga 4Ω–8Ω.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Mukalumikiza masipika awiri a 8Ω pamalo amodzi, ofiira pamodzi, akuda pamodzi, sizikhala 16 ayi, zimatsika kufika pa 4Ω. Awiri a 4Ω amatsikira pa 2Ω. Ampulifaya yolekezera pa 4Ω imatentha, kenako imapsa. Zili ngati ngolo: ng'ombe ndi zomwezo, inu mukungowonjezera matumba.

Nambala yaciwiri: W

W ndi mawati, mphamvu ya cipangizo. Pa katoni mutha kuona zilembo zikuluzikulu, 3000W PMPO. Musakomedwe nazo, zimenezo n'zokopera wogula. Funani nambala yotsatana ndi zilembo RMS. Imakhala yaing'ono, koma ndi imene imakuuzani mphamvu imene cipangizo cingapirire nayo nthawi yaitali. RMS ya ampulifaya ikhale yoyandikana ndi ya sipika.

Musaganize kuti ampulifaya yaing'ono singawononge sipika yaikulu. Mukaikweza mpaka kumapeto, mawu amasweka, ndipo kusweka kumeneko kumawocha kasipika kakang'ono kotulutsa mawu oonda. Mukangomva kusasa, tsitsani.

Nanga magetsi?

Magetsi a EDM ndi a 220V, pamene batire ya sola nthawi zambiri ndi ya 12V. Ngati mumadalira sola, ampulifaya ya m'galimoto imalumikizidwa molunjika ku batire, popanda inveta. Ingoikani mawaya onenepa, ndi fyuzi pafupi ndi batire.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire ya 12V yolembedwa 100Ah: 12 kuculukitsa ndi 100 ndi 1200. Batire ya asidi imatha msanga mukamaikhetsa yonse, conco gwiritsani theka lokha, 600. Ngati TV ndi zoimbira zonse pamodzi zikudya 100W, muli ndi maola pafupifupi 6. Werengerani zimenezi musanalonjeze eni ukwati kuti nyimbo zicezera.

Kuyatsa ndi kuzimitsa

Tsitsani mawu kaye. Yatsani foni kapena DVD, kenako mikisa, ampulifaya pomaliza. Pozimitsa, yambani ndi ampulifaya. Mukasemphanitsa, masipika amalira kuti phu, ndipo kugunda kumeneko kumatha kuwawononga. Waya wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziwiri. Sipika imodzi ikatembenuzidwa, mawu a besi amafooka. Tinsonga ta mawaya tisakhudzane. Ndipo ampulifaya ikamagwira nchito musaifunditse citenje poopa fumbi, imafuna mpweya. Muifunditse ikazizira.

Makutu alibe sipeya

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumva mawu a madesibelo 80. Mawu akakwera kuposa apo, nthawiyo imacepa kwambiri. Simukhala ndi copimira, koma njira ilipo: ngati mukucita kukuwa kuti mnzanu amene waima pafupi nanu akumveni, mwakweza mopitirira. Ana m'nyumba ya mafilimu amakonda kukhala kutsogolo. Kwezani masipika pamwamba, kutali ndi mitu yawo.

Tsono mugule ciyani?

Ngati n'zongomvera nkhani ndi nyimbo pakhomo, sungani bokosi lanu lija, ndalama mugulire feteleza. Ngati n'za nchito, yambani ndi ampulifaya ndi masipika awiri ogwirizana. Foni muli nayo kale, mikisa idzabwera mukadzafuna maikolofoni.

Ophunzira anga a sukulu ya akuluakulu ndimawauza kuti popita kumsika atenge kope ndi colembera. Inunso citani comweco. Lembani Ω ndi W RMS za sipika, mulembenso za ampulifaya, muyerekeze. Muuzeni wogulitsa alumikize, muzimvere nokha kwa kanthawi, mukhudzenso ampulifaya muone ngati yatentha kwambiri. Akakana kuyesa, pitani kwa wina.