PhD ya majini: mwana wa kwa Mlonyeni angaifikire bwanji?

Mukamva kuti wina akuphunzira za majini, musathamangire kuganiza za mizimu ija amatulutsa asing'anga ayi. Majini tikunena panowa ndi malangizo olembedwa m'maselo a munthu, nyama ndi mbewu, amene amachititsa kuti mwana afanane ndi makolo ake. Phunziro lake ndi genetics. Kuwerenga malangizo onse a chamoyo pakamodzi ndiye genomics. Zilembo zake ndi zinayi basi, A, T, C ndi G, koma mwa munthu zilipo pafupifupi 3 biliyoni, ndipo ntchito yoziwerenga koyamba inatha mu 2003.

Nanga ife kuno zikutikhudza pati? Yang'anani m'munda wa mtedza. Kadukutu akagwa, Chalimbana amapinimbira, mlimi n'kukolola zochepa. Ku Chitedze, pamsewu womwewu wopita ku Lilongwe, akatswiri a boma ndi a ICRISAT akhala akukwatitsa mitundu ya mtedza kuti apeze yolimba. Nsinjiro, amene anatulutsidwa mu 2000, amapirira kadukutu. Imeneyo ndi ntchito ya anthu odziwa majini.

Chinanso ndi ichi. Mwana wachialubino amabadwa pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi jini yake, ngakhale iwowo khungu lawo ndi lakuda. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mpata woti mwana akhale wachialubino ndi umodzi mwa inayi. Si ufiti, si vuto la mayi yekha, ndipo m'mafupa mwake mulibe chuma chilichonse. Matenda a sickle cell nawonso amayenda chimodzimodzi.

Tsono njira yake ndi iyi. Pa MSCE limbikirani Biology, Chemistry ndi masamu, chifukwa genomics yambiri masiku ano imachitikira pa kompyuta. Mukasankhidwa kudzera ku NCHE, digiri yoyamba ya sayansi imatenga zaka 4, kaya ku LUANAR, ku UNIMA ku Zomba, kapena ku KUHeS. Kenako masters, zaka ziwiri. PhD ndi zaka 3 kapena 4 ku South Africa ndi ku UK, pomwe ku America imafika 5 kapena 6. Mukawerengera, ndi zaka pafupifupi 10 kuchokera Folomu 4. Si zachibwana.

PhD siili ngati kalasi yokopera manotsi. Umasankha funso limene palibe analiyankhapo, n'kuchita kafukufuku pansi pa mphunzitsi wokuyang'anira. Umalemba buku la zimene wapeza, kenako akadaulo amakupanikiza ndi mafunso kwa maola angapo. Ukapambana amakutcha dokotala, koma osati wolemba mankhwala kuchipatala.

Ndalama nanga? Ambiri salipira okha. Amene amakonda zaumoyo amayambira ku malo ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kumene amawerenga majini a tizilombo toyambitsa matenda ngati typhoid. Okonda zaulimi, ku University of KwaZulu-Natal kuli ACCI ndipo ku University of Ghana kuli WACCI, komwe amaphunzitsa PhD yopanga mbewu zatsopano. Palinso Commonwealth Scholarship yopitira ku UK. Chenjezo: wina akakuuzani pa Facebook kapena WhatsApp kuti mutumize kaye ndalama kuti akupezereni scholarship, ameneyo ndi wakuba.

Musaganize kuti izi n'za azungu okha. Mu Novembala 2021, Dr Sikhulile Moyo, wobadwira ku Zimbabwe, ndi anzake mu labotale ya ku Gaborone ku Botswana anali m'gulu la oyamba kuzindikira mtundu wa Covid-19 umene unadzatchedwa Omicron. PhD yake anaitenga ku Stellenbosch, konkuno ku Africa.

Zovuta zilipo ndithu. Malabotale otere ndi ochepa m'dziko muno, ntchito zambiri zimadalira thandizo la kunja, ndipo abale angamakufunseni kuti sukuluyo idzatha liti. Koma ngati muli Folomu 3 kapena 4 ndipo Biology imakusangalatsani, yambani pano. Mutu wa genetics uli m'buku lanu lomwelo. Uwerengeni mpaka mutha kuwafotokozera agogo chifukwa chimene mbewu ya chimanga cha hybrid sabzala kawiri.