Buku la ndakatulo salithamangira, mphwanga

Loweruka lapitali ndili pa depoti ya minibasi ku Limbe, mnyamata wina anandigwira mkono. Ndinayamba ndagwira thumba la foni, paja za pa Limbe mukuzidziwa kale. Koma ayi ndithu, mwana wa eni ake anali ndi nkhani ina. Anasolola kope lopindika m'makona nati: "Achimwene, paja inu mumalemba m'nyuzi. Muli ndakatulo 60 umu. Ndikufuna buku lituluke chaka chino chisanathe. Amayi avomera kundibwereka ndalama za mpamba wao."

Amayi akewo amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. Nditamva za mpambazo thupi linachita tsembwe, chifukwa njira imeneyi ine ndinaiyenda, ndipo minga yake ndimaidziwa.

Nditasiya yunivesite ndili chaka chachiwiri, nkhani yake ya fizi, ndinadziuza kuti digiri yakanika koma dzina langa likhalabe pachikuto cha buku. Ndinapeza bambo wina amene ankadzitcha wofalitsa mabuku. Mkuluyu sanawerenge ndakatulo ngakhale imodzi. Anangowerengera masamba, n'kutchula mtengo ngati akugulitsa matabwa. Ndinapereka ndalama zonse zimene ndinasunga pophunzitsa ana a anthu madzulo. Patatha miyezi inayi anandipatsa makatoni awiri, mabuku 200. Dzina langa linalakwika pachikuto pomwepo, ndipo ndakatulo imene ndinkaikonda kwambiri inalibe ndime yomaliza. Ndinagulitsa mabuku 31, ambiri kwa achibale, ena pangongole imene ndinasiya kuilonjerera. Otsalawo anakhala kunsi kwa bedi mpaka chiswe chinawawerenga chonse.

Cholakwa changa chinali kusasiyanitsa anthu awiri amene m'Chichewa timangowatcha osindikiza. Woyamba ali ndi makina basi. Mukamupatsa ndalama adinda chilichonse, kaya ndi ndakatulo, kaya ndi makadi a ukwati. Iyeyu si wakuba ayi, ntchito yake ndi yomweyo, bola asadzitche dzina lina. Wachiwiri ndiye wofalitsa weniweni. Ameneyu amawerenga zimene mwalemba, amakana kapena kuvomera, amapereka mkonzi woti adule ndi kuwongola, amalipira yekha makina, amalowetsa buku m'masitolo, kenaka amakupatsani gawo lanu pa buku lililonse logulidwa. Ndalama zimachoka kwa iye kubwera kwa inu. Zikamachoka kwa inu kupita kwa iye, dziwani kuti mukugula ntchito ya makina, ndipo kugulitsa kuli pamutu panu.

Nanga bwanji ofalitsa enieniwo amathawa ndakatulo za munthu watsopano? Inu a malonda yankho mukulidziwa kuposa ife olemba. Palibe amene amapikula katundu amene sadziwa ngati ayenda. Makampani a mabuku kuno kwathu amadya za mabuku a sukulu. Buku likalowa pa silabasi ya MSCE, ogula alipo kale, akungodikira. Koma ndakatulo za munthu amene dzina lake silinamvekepo ngakhale pa wailesi, agula ndani? Ngakhale ku London ndi ku Johannesburg, mabuku a ndakatulo amayenda mwa apo ndi apo. Choncho akakukanani musamati akudana nanu kapena ndi a mtundu wina. Nthawi zambiri amakhala akuwerengera mpamba wao, monga mmene amachitira amayi a mnyamata uja.

Tiyeni tione mmene akuluakulu amene timawatchula mwaulemu lero anayambira. M'chaka cha 1970, pamene Chancellor College inali ikadali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi ena anayambitsa gulu lotchedwa Writers Group. Ankakumana sabata ndi sabata. Munthu ankaimirira n'kuwerenga ndakatulo yake, anzake n'kuisenda ngati chinangwa, mzere ndi mzere, mopanda kunyengerera. Zolembazo zinkayamba kuoneka m'kapepala kao kotchedwa The Muse, ndipo mu 1971 anatulutsa kabuku kotchedwa Mau, momwe munali ndakatulo 39 za anthu osiyanasiyana. Onani bwino pamenepa: kabuku kamodzi, alakatuli ambiri, aliyense ndi zake zochepa zimene zapyola pamoto.

A Jack Mapanje anali m'gulu limeneli kuyambira pachiyambi, koma buku lao loyamba, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981 ku kampani ya Heinemann ku London. Werengani zaka zake, ndi 11, ndipo iwo anali ndi zaka 37 zakubadwa. Malemu a Steve Chimombo anatulutsa Napolo Poems mu 1987 ali ndi zaka zoposa 40, atalemba kale zambiri m'magazini. N'zoona kuti a Frank Chipasula anatulutsa lao ku Lusaka mu 1972 akadali mnyamata, koma nawonso anachokera pamoto womwewo wa Writers Group.

Komanso tisaiwale kuti masiku amenewo pakhomo panali mlonda wa chibonga. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loona zoti anthu awerenge ndi zoti asawerenge. Buku la a Mapanje linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, eni akewo anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, n'kudzatuluka mu 1991. Anthu amenewa ankabisa tanthauzo m'mafanizo kuti apulumutse khosi. Ife lero tili ndi foni m'manja, tikhoza kulemba m'mawa dziko n'kuwerenga masana. Mlonda amene watsala pakhomo pathu ndi phuma lathu lomwe.

Ndiye mnyamata uja ndinakhala naye pansi pa benchi ya mayi wogulitsa tiyi, n'kutsegula kope lija. Mwa ndakatulo 60 zija, zambiri zinali za mtsikana wina amene anamusiya, mau ake omwewomwewo: mtima, misozi, duwa, mwezi. Ndani wa ife sanalembepo zimenezi? Koma panali zinayi zimene zinandikhazika chete. Ina inali ya amayi ake akuwaza madzi pa tomato wa dzulo kuti aoneke wa lero, uku akuyang'ana kumene kungatulukire a khonsolo. Imeneyo palibe wina akanailemba koma iye.

Ndinamuuza kuti ayambe ndi zinayizo. Azilembe bwino pa kompyuta, ndakatulo iliyonse patsamba lakelake, dzina ndi keyala pansi, ndipo asunge zake kunyumba, asapereke kope lenilenilo kwa munthu. Asanatumize kulikonse, ayambe wawerenga nyuzi kapena magazini imeneyo kangapo kuti adziwe zimene amalandira. Mkonzi amene ali ndi kadanga kakang'ono pakona ya tsamba sangaike ndakatulo ya masamba atatu, ngakhale ikome bwanji. Kalata yoperekeza ikhale ya mizere itatu, osati mbiri ya moyo wonse kuyambira ku sikelo. Akatumiza adikire, ndipo akakanidwa atumize kwina. Chinanso chimene achinyamata ambiri sadziwa n'chakuti magazini ndi mipikisano yambiri, makamaka ya kunja, salandira ndakatulo imene yaoneka kale pa Facebook. Kwa iwo imeneyo yatuluka kale. Choncho zimene mukuziona kuti ndi zonona, zisungeni kaye.

Kwa ife olemba m'Chichewa pali njira ina imene a Chingerezi amaisirira, ndiyo khutu. Ndakatulo yathu inayamba ndi pakamwa, ndipo mpaka lero imayenda msanga ikamveka kusiyana ndi ikawerengedwa. Ambiri a ife a Benedicto Wokomaatani Malunga tinayamba tawamva pa wailesi tisanagwire buku lao. A Robert Chiwamba dzina lao linafala ndi wailesi ndi zimbale. Pitani kumene alakatuli amasonkhana, kaya ndi kusukulu, kutchalitchi kapena ku mabungwe ngati Malawi Writers Union, mukalakatule pamaso pa anthu osakudziwani. Achibale amaombera m'manja chilichonse. Mlendo akayamba kuseweretsa foni muli pakati pa ndime yachitatu, wakuuzani zoona zimene mkonzi akanakulipiritsani.

Sindikunena kuti kudzitulutsira wekha buku ndi tchimo. A Chimombo ankatulutsa okha mabuku ena ndi magazini yao ya WASI ku Zomba. Upile Chisala, mwana wa ku Zomba komweko, anadzitulutsira yekha buku lake loyamba, soft magic, mu 2015, ndipo mu 2019 kampani ya Andrews McMeel ya ku America inalitenga n'kulitulutsanso. Koma iyeyu anali ndi anthu ambiri omutsatira pa intaneti amene ankafuna zolemba zake. Msika unali ulipo, buku linangoupeza. Ine ndinachita zotembenuza: ndinaoda bero lonse la kaunjika ndisanadziwe ngati mudzi uno amavala majekete.

Tsiku likadzafika loti mudzitulutsire nokha, yambani ndi mabuku ochepa, makina a masiku ano amalola ngakhale 50. Pezani munthu wodziwa chilankhulo awerenge zonse, ndipo musalole makina ayambe musanaone ndi maso anu tsamba lililonse ndi chikuto chomwe. Lamulo limafuna kuti buku lotuluka m'dziko muno likasiyidweko ku National Archives ku Zomba. Pitaninso ku COSOMA mukamve za umwini wa ntchito yanu. Wina akakupatsani pepala loti musaine, funsani kuti ndakatulozo zikhala za yani mukasaina, kwa zaka zingati, ndipo gawo lanu mudzalandira liti. Akakwiya ndi mafunso amenewa, nyamulani kope lanu muzipita.

Mnyamata uja sanasangalale, nkhope inagwa. Anati: "Ndiye achimwene mukuti ndakatulo 56 zonsezi ndizitaye?" Ndinati asataye, azisunge, mwina m'kati mwake muli mizere imene idzamere pena. Anakhala chete, kenaka anafunsa ngati ndingamuonerenso ya tomato ija akaikonza, chifukwa ndime yomaliza iye mwini sinkamukhutiritsa. Tinapangana Loweruka likudzali pa benchi yomweyo. Tiyi analipira ndi iye, ndipo ndinamufunsa kawiri kuti nditsimikize kuti ndalamayo sinachoke pa mpamba wa amayi.