Nkhokwe ya zithunzi za banja

M'mabanja ambiri masiku ano, zithunzi za chinkhoswe, kanema wa ukwati ndi zithunzi za ana ali makanda zimakhala m'foni imodzi basi. Foniyo ikabedwa m'minibasi kapena ikagwera m'madzi, zonsezo zapita nayo. Makolo athu sankasunga chimanga cha chaka chonse m'dengu, ankamanga nkhokwe. Kachipangizo kotchedwa NAS ndi nkhokwe yotere. Ndi kabokosi kokhala ndi hard disk imodzi kapena kuposerapo, kamene kamalumikizidwa ndi waya ku router ya m'nyumba. Makampani a ku Taiwan monga Synology ndi QNAP ndi ena mwa amene amatchuka popanga timabokosi totere. Foni iliyonse ikangogwira Wi-Fi ya pakhomo imatha kutumiza yokha zithunzi zatsopano m'kabokosiko, ndipo mapulogalamu monga Plex ndi Jellyfin amaonetsa makanemawo pa TV. Zonsezi zimayenda m'nyumba momwemo, osadya bandulo.

Wina anganene kuti Google imasunga kale zithunzi. Inde, koma malo aulere amathera pa 15 GB, ndipo kuyambira pa 1 June 2021 zithunzi zatsopano za mu Google Photos zimawerengeredwa m'malo omwewo. Kanema wa ukwati umodzi akhoza kudya mbali yaikulu ya malowo, kuwonjezera pa ndalama za bandulo yokwezera kanemayo pa intaneti. NAS imafuna ndalama zambiri pa tsiku logula, pomwe malo a pa intaneti amalipiridwa mwezi ndi mwezi mpaka kalekale. Nanga kuzimazima kwa magetsi? Kabokosi ka ma disk awiri sikadya magetsi ambiri, moti batire yotchedwa UPS imakapatsa mpata wodzizimitsa bwinobwino ma disk asanawonongeke.

Koma walira mvula walira matope. Anthu ambiri amadalira njira yotchedwa RAID 1, imene imalemba chilichonse pa ma disk awiri nthawi imodzi, n'kumaganiza kuti atetezeka. Njirayi imapulumutsa disk imodzi ikafa, koma mwana akafufuta zithunzi mwangozi zimafufutika konsekonse, ndipo wakuba amanyamula bokosi lonse. Mu June 2021 zipangizo za My Book Live za kampani ya Western Digital zinafufutidwa ndi mbava za pa intaneti eni ake ali phee, ndipo mu January 2022 pulogalamu yoipa ya DeadBolt inatseka mafayilo m'zipangizo za QNAP n'kumafuna dipo. Zipangizo zimene zinagwidwa zinali zofikika mwachindunji kuchokera pa intaneti. Choncho khomo limenelo litsekedwe, mawu achinsinsi obwera ndi chipangizo asinthidwe, ndipo mapulogalamu ake azikonzedwanso atsopano akatuluka.

Ndiye chifukwa chake akatswiri amalimbikira lamulo la 3-2-1: chinthu chofunika chikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. Namondwe Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe mu March 2023, katundu yense wa m'nyumbamo anapitira limodzi. Kope lakutalilo silifuna zambiri. Gulani hard disk ya USB, koperanimo zithunzi ndi zikalata kamodzi pa mwezi, ndipo mukaisungitse kwa achimwene kapena kwa azakhali okhala dera lina. Musanaipereke, tsegulani mafayilo angapo kuti muone ngati akutsegukadi.