Mahomoni, chithokomiro ndi shuga: zimene banja lililonse liyenera kudziwa

Pamisonkhano ya chitukuko m'madera mwathu, nkhani zimene zimatenga nthawi yaitali ndi za milatho, mijigo, misewu ndi midadada ya sukulu. Nkoyenera kutero. Komabe mdadada wa sukulu umapindula pamene mwana wolowamo ali ndi ubongo umene unakula bwino, ndipo munda umalimika pamene mwini wake ali ndi mphamvu. Kukula kwa ubongo ndi mphamvu za thupi zimayendetsedwa ndi timadzi tochepa zedi toyenda m'magazi, timene achipatala amatitcha mahomoni. Timadziti tikachepa kapena kuchuluka mopyola muyezo pamabuka matenda, ndipo awiri mwa matendawa, chithokomiro ndi shuga, nkotheka kuwapewa kapena kuwachepetsa mphamvu kuyambira pakhomo pathu pomwe.

Mmene mahomoni amagwirira ntchito

Thupi lili ndi njira ziwiri zotumizira uthenga. Yoyamba ndi mitsempha yolumikizana ndi ubongo, ndipo ndi yachangu: mukaponda khala la moto, phazi limachoka nthawi yomweyo. Yachiwiri ndi ya mahomoni. Tiziwalo tina timapanga timadzi timeneti n'kutithira m'magazi, ndipo magazi amatifikitsa ponseponse. Zili ngati mthenga wa amfumu akamalengeza madzulo kuti amayi a ana aang'ono apite kusikelo mawa: mudzi wonse umamva, koma onyamuka ndi okhawo amene uthengawo ukuwakhudza. Momwemonso homoni imazungulira thupi lonse, koma imagwira ntchito m'ziwalo zokhazo zimene zinapangidwa kuti ziilandire.

Nzeru imeneyi si yakale kwenikweni. M'chaka cha 1902, akatswiri awiri a ku London, William Bayliss ndi Ernest Starling, anapeza kuti matumbo amatumiza uthenga kudzera m'magazi wouza kapamba kuti atulutse madzi ogayira chakudya. M'chaka cha 1905 Starling anayamba kutchula amithenga otere kuti mahomoni, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kudzutsa kapena kufulumiza.

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituitary, kakang'ono ngati njere ya nzama, kamene kamalamulira msinkhu wa mwana ndi kapangidwe ka mkaka wa m'mawere, komanso kamayang'anira tiziwalo tina. Pakhosi pali thyroid. Kumbuyo kwa chifu kuli kapamba, amene amapanga insulini. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adrenal, kamene kamatulutsa homoni yochititsa mtima kugunda mofulumira munthu akaona njoka panjira. Ziwalo zoberekera nazo zimapanga mahomoni amene amabweretsa kutha msinkhu ndi msambo, ndiponso kusunga pathupi. Ambiri a ife tinakumanapo ndi mahomoni kuchipatala osadziwa: mapiritsi ndi jakisoni wa kulera ndi mahomoni, chimodzimodzinso oxytocin, jakisoni amene azamba amabaya mayi atangochira kuti chiberekero chifinyike ndipo asataye magazi ambiri.

Chofunika pa zonsezi ndi muyezo. Mayi wophika amasonkhezera moto ukachepa, ndipo amaphula zikuni ukachuluka. Ubongo ndi pituitary zimachita chimodzimodzi: zikaona kuti homoni ina yachepa m'magazi zimafulumiza chiwalo choipanga, ikakwanira zimachiletsa.

Chithokomiro ndi ayodini

Thyroid ili kutsogolo kwa khosi, pansi pa mkwiko, ndipo maonekedwe ake ali ngati gulugufe wotambasula mapiko. Mahomoni ake ndiwo amaika liwiro limene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, kutentha kwa thupi, kagundidwe ka mtima ndi kakulidwe ka ubongo. Kuti iwapange imafuna ayodini, amene timamupeza m'zakudya. Ayodini akasowa, mahomoni amachepa. Pamenepo pituitary imafulumiza thyroid kosalekeza, ndipo iyo poyesa kukola ayodini wochepayo imakula n'kutupa. Chotupa chimenechi ndicho chithokomiro, ndipo anthu ambiri amatchula chiwalocho ndi dzina lomweli.

Ayodini wofunika ndi wochepa modabwitsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amafuna mamayikulogalamu 150 patsiku, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafuna 250. Mayikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi la galamu yogawidwa ka 1,000,000. Ayodini wa moyo wonse wa munthu angakwane pa sipuni yaing'ono imodzi, koma amafunika pang'onopang'ono masiku onse. Vuto ndi lakuti ayodini wambiri ali m'nyanja zamchere, pamene nthaka ya kumtunda, makamaka ya kumapiri ndi kumene madzi amasefukira kawirikawiri, inakokoloka n'kutsala ndi wochepa. Chimanga ndi ndiwo zomera pa nthaka yotere zimakhalanso ndi wochepa. Dziko lathu lili kutali ndi nyanja yamchere, ndipo nsomba za m'nyanja ndi m'mitsinje yathu zilibe ayodini wochuluka ngati za kumeneko.

Chotupa cha pakhosi chimaoneka, koma chiwonongeko chachikulu chimachitika mobisika. M'miyezi yoyambirira ya pathupi, mwana amadalira mahomoni a thyroid ya mayi ake kuti ubongo wake uumbike. Mayi akasowa ayodini, padera pamatha kuchitika, kapena mwana kubadwa atamwalira kale. Kusowako kukakhala kwakukulu, mwana amabadwa wopinimbira, wosamva, wosayankhula ndi wolumala nzeru. Kukakhala kocheperako, mwana amaoneka bwinobwino, koma m'kalasi amavutika kugwira zimene anzake akugwira. Zimene zawonongeka pa nthawi imeneyi sizikonzekanso mwanayo atakula. Nchifukwa chake kusowa kwa ayodini kumawerengedwa m'gulu la zinthu zikuluzikulu zowononga ubongo wa ana zimene zili zopeweka.

Njira yopewera inapezeka kalekale. Dziko la Switzerland, limene m'mapiri ake chithokomiro chinali chofala, linayamba kuthira ayodini mu mchere m'chaka cha 1922, ndipo ku Michigan m'dziko la America anayamba mu 1924. Matendawa anachepa kwambiri. Anasankha mchere chifukwa wolemera ndi wosauka yemwe amaudya tsiku lililonse. Kuno kwathu malamulo amafuna kuti mchere wogulitsidwa kuti anthu adye uzikhala wothira ayodini.

Udindo wa banja tsono ndi kugula mchere wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini. Mchere wopima m'timilu pamsika, wosadziwika kumene wachokera, ungakhale wopanda ayodini ngakhale kukoma kwake kuli kofanana. Ayodini amatha mchere ukanyowa kapena ukakhala padzuwa ndi pamoto, choncho tiusunge m'chitini kapena m'botolo lotseka, pouma, kutali ndi mafuwa. Izi sizikutanthauza kuti tizidya mchere wambiri, chifukwa mchere wochuluka umakweza magazi. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi.

M'madera amene amadalira chinangwa pali chinanso chofunika kusamala. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene akalowa m'thupi amasanduka mankhwala otchinga ayodini kuti asalowe mu thyroid. Makolo athu anali ndi nzeru pochisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chitafewa, n'kuchiyanika chiume bwino asanasinje ufa wa kondowole. Nthawi ya njala anthu amafupikitsa ntchitoyi, ndipo ngozi imakula pamenepo.

Si chithokomiro chilichonse chimene chimayamba ndi kusowa kwa ayodini. Nthawi zina thyroid imagwira ntchito mopyola muyezo: munthu amaonda ngakhale akudya, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta silitha, ndipo ena maso amatong'oka. Nthawi zina imafooka: munthu amangotopa, amamva kuzizira, amanenepa, khungu limauma ndipo msambo umasokonekera. Zonsezi zili ndi mankhwala, ndipo chotupa chachikulu chotsamwitsa amachichita opaleshoni. Chotupa cholimba, chokula msanga kapena chosintha mawu chikaonedwe mwamsanga, chifukwa zochepa mwa zotupa zotere zimakhala khansa. Kutema mphini pakhosi nkoopsa, popeza pamenepo pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi.

Insulini ndi matenda a shuga

Nsima, mpunga, mbatata ndi buledi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga wolowa m'magazi. Ntchito ya insulini ndi kutsegula njira kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu, kumene amapereka mphamvu. Insulini ikasowa, kapena thupi likasiya kuimvera, shuga amadzadza m'magazi pamene minofu ili ndi njala. Impso zimayesa kumutaya mu mkodzo, nchifukwa chake wodwala amakodza pafupipafupi ngakhale usiku, amamva ludzu losatha, amaonda ndi kufooka. Ena amazindikira poona nyerere zikuunjikana pamene akodza.

Mtundu woyamba wa matendawa umagwira kwambiri ana ndi achinyamata. Kapamba amasiyiratu kupanga insulini, ndipo wodwala amafunika jakisoni wa insulini tsiku lililonse moyo wake wonse. Kale ana otere sankakhalitsa. Zinthu zinasintha pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto m'dziko la Canada mu 1921, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina anakhala woyamba kuilandira. Tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, 14 Novembala, ndi tsiku limene Banting anabadwa.

Mtundu wachiwiri ndiwo wofala. Umayamba pang'onopang'ono, kawirikawiri mwa akuluakulu, ndipo umayenda m'magazi a pamtundu, koma kunenepa kwambiri, kukhala pansi tsiku lonse ndi zakumwa zotsekemera zimaufulumiza. Munthu amatha kukhala nawo zaka zambiri osadziwa, uku ukuwononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya m'mapazi. Wodwala shuga amadwalanso chifuwa chachikulu mosavuta. Palinso shuga wobwera mayi ali woyembekezera, amene amakulitsa mwana mopyola muyezo n'kuvutitsa pochira.

Kuyeza nkosavuta: kadontho ka magazi a pachala nkokwanira. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye kanthu n'kupezeka ndi 7.0 mmol/L kapena kuposa, zomwe pa makina ena ndi 126 mg/dL, achipatala amamuyezanso kuti atsimikize. Matendawa sachizika, koma amalamulirika ndipo munthu amakhala nawo mpaka kukalamba. Chakudya choyenera si cha m'sitolo zapamwamba ayi: nsima ya mgaiwa yapamuyezo, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, nandolo ndi usipa, kuchepetsa shuga mu tiyi ndi mu thobwa, ndi kuyenda kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta. Mankhwala, monga metformin, amwedwe mosadumphitsa ngakhale munthu akupeza bwino. Mapazi ayang'anidwe madzulo aliwonse ndipo wodwala asayende wopanda nsapato, chifukwa phazi lochita dzanzi silimva minga, ndipo kachilonda konyozeka kamatha kudulitsa mwendo.

Achibale adziwenso ichi: wolandira insulini kapena mapiritsi ena a shuga akadumpha chakudya, shuga amatha kutsika kwambiri. Amanjenjemera, amatuluka thukuta ndi kuyankhula ngati woledzera. Ngati akutha kumeza, mpatseni madzi a shuga msanga, kenaka chakudya. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa. Mugonekeni chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Mahomoni ogula pamsika

Mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone amagwira ntchito ngati homoni ya adrenal. Amapulumutsa moyo akaperekedwa ndi dokotala, koma ena amawagula mwaokha pofuna kunenepa kapena kuthetsa kuphwanya kwa thupi, ndipo mafuta ena oyeretsa khungu ali ndi mankhwala a gulu lomweli. Akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi magazi, amafewetsa mafupa ndi kufooketsa chitetezo cha thupi. Adrenal nayo imagona poona kuti homoni yake ilipo kale, choncho amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi; apite kuchipatala akamuchepetsere pang'onopang'ono.

Mbali ya mafumu ndi makomiti

Matenda a mahomoni amabwera mwakachetechete, ndipo kawirikawiri amanamiziridwa zina. Woonda ndi shuga amanenedwa miseche, wofooka ndi thyroid amatchedwa waulesi, ndipo chithokomiro chimadanitsa abale poganizirana ufiti. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a chitukuko a m'midzi angathandize pofotokoza zoona zake pamisonkhano ndi kutumiza odwala kuchipatala msanga. Makomiti a misika afunse ogulitsa kumene mchere wawo ukuchokera. Pali timadzi toyezera timene tikadonthezedwa pa mchere wa ayodini timausandutsa wobiriwira modera, ndipo a zaumoyo angapemphedwe kudzayeza. Ophika phala m'sukulu ndi m'malo osamalira ana agwiritse ntchito mchere wa ayodini. Amayi oyembekezera ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, abambo awo atawaperekeza. Ndipo aliyense amene kholo kapena mbale wake ali ndi shuga, kapena amene akuona zizindikiro tatchulazi, apemphe kuyezedwa ulendo wotsatira akapita kuchipatala, kapena afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kumene angayezedwe.