Mbale ya Ramen ku Fukuoka

Mu mzinda wa Fukuoka, ku Japan, muli chakudya chotchuka chotchedwa ramen, ndicho tizingwe ta ufa wa tirigu toviikidwa mu msuzi wa mafupa a nkhumba. Mafupawo amaŵira maola ambirimbiri kufikira msuzi utayera ngati mkaka, ndipo wophika akafupikitsa nthaŵi, wakudya amadziŵa pa sipuni yoyamba.

Tizingweto ndi topyapyala mwadala. Antchito a pa msika wa nsomba wa Nagahama analibe nthaŵi yodikira, pamene tizingwe totere timapsa msanga. Vuto lake nlakuti timalobodokanso msanga mu msuzi wotentha. Tsono ophika anayamba kupakula tochepa, kuti wosakhuta aitanitse tina mu msuzi womwewo. Mwambo umenewu amautcha kaedama.

Malo odyera a Ichiran, amene anayambira mu mzinda womwewu, ali ndi kachitidwe kodabwitsa. Mlendo amalipira pa makina, nachonga pa pepala mmene afunira msuzi, adyo ndi tsabola, kenaka nakhala yekha pa mpando wotchingidwa ndi matabwa uku ndi uku. Mbale imafika kudzera pa kazenera, ndipo iye amangoona manja a woperekera.

Kodi kumeneku nkuchereza mlendo, aŵerengi? Ine nditi inde, pakuti woperekera sayang'ana nkhope kapena chovala. Bwana ndi wantchito wake alandira mbale yotentha chimodzimodzi. Chondidandaulitsa nchakuti msuzi ukakoma, wakudya amatuluka osamuona amene akanamuthokoza.