Chitini chili ndi lamulo, nanga madzi ake?

Mukalowa m'sitolo ku Kitwe kapena ku Ndola, tengani chitini cha mkaka wa makanda n'kuchitembenuza. Kumbuyo kwake kuli timanambala tating'onoting'ono, totopetsa maso, tomwe ambirife sitiwerenga. Timanambala timeneto si kampani imene imadzisankhira ayi.

Muyezo wake unachokera ku Codex Alimentarius, bungwe la FAO ndi WHO, m'chaka cha 1981, n'kukonzedwanso mu 2007. Mamililita 100 a mkaka wosungunula kale azikhala ndi makalori 60 mpaka 70. Pa makalori 100 aliwonse, zomanga thupi zizikhala magalamu 1.8 mpaka 3, mafuta magalamu 4.4 mpaka 6. Malire apamwamba a zomanga thupiwo alipo chifukwa impso za khanda n'zanthete, sizingapirire zomanga thupi ndi mchere wochuluka wa mu mkaka wa ng'ombe, umenenso ayironi wake ndi wochepa. N'chifukwa chake mkaka waufa wothira mu tiyi, wogulitsidwa m'timapaketi pa msika wa Chisokone kapena wa Masala, suyenera khanda ngakhale utayera mbee ngati wa m'chitini.

Anthu adyera akazemba muyezo, amalira ndi makolo. Mu 2008 ku China, mkaka unathiridwa mankhwala a melamine kuti poupima uzioneka wodzaza ndi zomanga thupi. Ana pafupifupi 300,000 anadwala, 6 anamwalira.

Zambia inalowa m'nkhaniyi kalekale, ndipo inalowera kumanda. Mu 1973 magazini ya New Internationalist inaika pachikuto chithunzi cha manda a khanda la m'dziko muno, pamtumbira pali botolo ndi chitini cha mkaka. Mkwiyo wa zaka zimenezo ndiwo unabala malamulo a WHO a mu 1981 oletsa kutsatsa mkakawu kwa amayi, kugawa zitini zaulere ndi kujambula nkhope za makanda pachitini. Boma la Zambia linawasandutsa lamulo mu 2006, ndipo mu 2019 linakhazikitsa lamulo latsopano loona za ukhondo wa zakudya.

Zonsezi n'zoyamikika. Koma chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti lamuloli limathera pakhomo. Ufa ndi kagawo kochepa chabe ka zimene zili m'botolo. Zotsalazo ndi madzi, ndipo ku Copperbelt madzi ndi nkhani ya migodi. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kutsikira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Mipope ya ku Kitwe inatsekedwa. Mayi woyamwitsa anapitiriza kuyamwitsa. Koma uja amene bere linauma, uja wolera mwana wamasiye, uja wolawirira kuntchito n'kusiyira agogo botolo, anatunga kuti madzi usiku umenewo?

Malangizo a WHO amati madzi awire, ndipo ufa uthiridwe madziwo asanazizire kutsika madigiri 70, poti ngakhale m'chitini chomata bwino mukhoza kukhala tizilombo. Kuwiritsako kumapha tizilombo, koma zitsulo zosungunuka m'madzi sizichoka. Komanso kumafuna moto, ndipo magetsi akazima n'kukoleza mbaula, mwana ali kulira pamsana.

Palinso kasupuni kaja kobwera m'chitini momwemo. Zitini zambiri zimalamula kasupuni kamodzi kosalazidwa bwino pamwamba pa mamililita 30 a madzi. Mwezi ukafika pakati, chitini chikuonetsa pansi koma malipiro ali kutali, dzanja limayamba kuwerenga mosiyana: m'malo mwa tisupuni tinayi, tiwiri. Botolo limadzaza ndithu, mwana amayamwa n'kugona. Zimadzaululika ku sikelo, namwino akamadabwa kuti mzere wa pakhadi waleka kukwera, kapena mochedwa pa bedi la ku chipatala cha ana cha Arthur Davison ku Ndola.