Amisiri Otsitsimutsa Makompyuta Okalamba

Mukalowa m'kashopu kokonzera makompyuta ku Limbe kapena ku Malangalanga mu Lilongwe, musayembekeze kuona zatsopano. Chokulandirani ndi mulu wa mabokosi akuda a Dell OptiPlex, HP Compaq ndi Lenovo ThinkCentre, ena opanda zivundikiro, atasanjikizana pakona. Ambiri anatha kale ntchito m'maofesi a kunja asanafike kuno ngati kaunjika. Kwathu kuno ndiye amayambanso moyo: kusukulu, kutchalitchi, m'maofesi a timabungwe, ndi m'mashopu otaipa makalata ndi kuthira nyimbo m'mafulashi.

Eni ake akabwera nawo, dandaulo silisintha. "Achimwene, ikuchedwa. Ndikatsegula Chrome ndi Word pamodzi imangouma." Ambiri amafika atadzipezera kale mankhwala, chifukwa mnzawo wina anawauza kuti awonjezere RAM.

RAM ili ngati tebulo la telala. Nsalu zonse zimasungidwa m'kabati, yomwe ndi hard disk, koma zimene akusoka panthawiyo ziyenera kuyalidwa patebulo. Tebulo likachepa, telala amangokhalira kudzuka ulendo wa ku kabati, ntchito n'kumachedwa. Kukulitsa tebulo n'kwanzeru ndithu. Vuto n'lakuti RAM si batire la tochi loti mungogula pa golosale n'kuponyamo, ndipo apa ndi pamene mmisiri amadyera.

Asanagwire sikuludiraiva, mmisiri wodziwa ntchito amayang'ana nambala ya kompyutayo. RAM ili ndi mibadwo yake: DDR2 inatuluka mu 2003, DDR3 mu 2007, DDR4 mu 2014, ndipo lero kuli DDR5. Mibadwo imeneyi siibwerekana malo. DDR2 ndi DDR3 za pa desktop zonse zili ndi mapini 240 ndipo utali ndi umodzi, moti wosadziwa sangazisiyanitse, koma kampata kodulidwa m'munsi mwake kali pamalo osiyana. Opanga anachita dala kuti isalowe pomwe siyenera. Pali anthu amene amaikankha ndi mphamvu, poganiza kuti ndi fumbi likuletsa, mpaka kuthyola siloti. OptiPlex 755 imalandira DDR2 ndipo siipyola 8GB. OptiPlex 7010 ya mu 2012 imalandira DDR3. Mmisiri wa zaka zambiri sachita kufufuza zimenezi, anaziloweza.

Kenako amawerenga kapepala komatidwa pa RAM. Kwa inu ndi ine n'zilembo chabe, koma iye amapezapo zonse. PC3-10600 ndi DDR3 ya liwiro la 1333, PC3-12800 ndi ya 1600. Mukasakaniza ziwirizi nthawi zambiri zimagwira, koma zonse zimatsikira pa liwiro la yochedwayo. Chilembo L, monga mu PC3L, chikutanthauza kuti imadya magetsi ochepa, 1.35V m'malo mwa 1.5V. Chilembo choopsa ndi cha kumapeto. U ndi ya makompyuta wamba. R ndi ya ma server, ndipo imeneyi imapezeka yotchipa modabwitsa chifukwa makampani akunja amaitaya yambirimbiri. Munthu amaona 16GB pa mtengo wa 4GB, mtima n'kudumpha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: akafika nayo kunyumba kompyuta imangolira pii, pii, pii, sikirini ili bii.

Palinso msampha wina umene ngakhale amisiri achinyamata amakodwamo. Ma motherboard a nthawi ya Core 2 Duo, monga okhala ndi chipset ya G41, amakana RAM ya 4GB yokhala ndi timatchipi 8 mbali imodzi. Amafuna ya timatchipi 16, mbali zonse ziwiri. Zolembedwa pa kapepala zimagwirizana, kampata kali pamalo pake, koma siyaka. N'chifukwa chake mudzaona mmisiri wamkulu akuitembenuza RAM m'manja ngati mayi wosankha nsomba pamsika.

Anthu a ntchito imeneyi anafikamo m'njira zosiyana. Ena anaphunzira m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA kapena ku NACIT, ndipo satifiketi ili pakhoma. Ambiri anayamba ndi kukhala pambali pa wamkulu wina, kupukuta fumbi ndi bulowa, kutumidwa kukagula ma cable, mpaka tsiku lina anapatsidwa bokosi kuti alitsegule okha. Ena anachokera ku mafoni. Zotsalazo anaphunzira pa YouTube ndi pa makompyuta amene anawononga. Akazi alipo koma ndi owerengeka, ndipo kasitomala wina akamupeza mayi pa benchi amafunsabe kuti, "Amisiri atuluka?"

Ndalama zawo zimachokera pawiri: kaphindu ka pa katundu, ndi ya ntchito ya manja imene Amalawife sitikonda kulipira. Timati kulowetsa RAM n'kwa mphindi ziwiri, tikuiwala zaka zimene munthuyo anatha kuti adziwe yoyenera kulowetsa. Katundu amachokera ku Dubai, ku China, ku South Africa, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse m'mashopumu chinakwera. Tsono chuma chenicheni cha mmisiri ndi makompyuta akufa. Amawagula motchipa n'kuzula RAM, power supply ndi mafani. Yang'anani m'dirowa lake, mudzapeza mtolo wa DDR2 ndi DDR3 za Kingston, Samsung ndi Hynix womangidwa ndi labala ngati ndalama. DDR2 masiku ano yasowa, moti nthawi zina 2GB yakale imadula kuposa yaikulu ya m'badwo wapambuyo pake.

Mmisiri wachilungamo amadziwika pamene akukana kukugulitsani. Amatsegula kaye Task Manager kuti aone ngati RAM ikudzazadi. Amaona ngati Windows ndi ya 32-bit, chifukwa imeneyo siigwiritsa ntchito zoposa 4GB, ngakhale mutaikamo 16GB. Ndalama yapita pachabe mpaka mutaikamo ya 64-bit. Nthawi zina RAM ilibe vuto, yangochita dzimbiri la fumbi ndi chinyezi cha dzinja, ndipo kupukuta mapini ake ndi chofufutira cha mwana wasukulu kumaidzutsa. Kawirikawiri wolakwa ndi hard disk yotopa, makamaka kuno kumene magetsi amathima kompyuta ili mkati mwa ntchito. Pamenepo amanena mosabisa: "Bwana, 4GB muli nayoyi onjezerani ifike 8GB, koma ndalama yotsalayo gulani SSD m'malo mwa hard disk yotopayi." Ine ndimaona kuti langizo limeneli ndilo limasintha kompyuta yakale kuposa lina lililonse. Mnzake wadyera sanena zimenezi. Amakugulitsani RAM lero, podziwa kuti mubweranso mwezi wamawa.

Funso limene layamba kuwavuta ndi la Windows. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'mwamba. Mabokosi ambiri a pakona paja sakwanira, ndipo RAM siingawakwaniritse. Amisiri ena amaikamo Windows 11 mozemba malamulo amenewa, ena ochepa amalangiza Linux Mint m'malo mwa Windows, ambiri akungopitiriza ndi Windows 10 pokumbukira kuti m'maofesi ena Windows 7 ikadalipo.

Ngati yanu yayamba kuuma, musapite kushopu ndi mawu okha akuti mukufuna RAM. Nyamulani bokosi lonselo, kapena jambulani nambala yake ndi kapepala ka pa RAM imene ilimo kale. Ngati masiloti alola, gulani ziwiri zofanana m'malo mwa imodzi yaikulu, chifukwa zimagwira ntchito mothandizana. Ndipo musatulutse ndalama mpaka mmisiri aiyatse pamaso panu, muone nokha kuti Windows yaiwerenga yonse.